Mmene mungasankhire sefa yochotsa fumbi mu utsi wa boyila yowotcha nkhuni ndi zotsalira za zomera

Sefa ya utsi wa boyila kawirikawiri siiwonongeka pa maola amene moto ukuyaka bwino ndipo zosonkhezera zili zouma. Imawonongeka poyatsa, zitsulo zikadali zozizira. Imawonongeka tsiku limene kwabwera utuchi wonyowa kapena mapesi m'malo mwa nkhuni zimene inazolowera. Imawonongekanso kakala kamoto kakauluka ndi utsi n'kukatera pansalu ya sefayo. Pachifukwa chimenechi, wosankha sefa ayenera kuyambira pa maola ovutawa, osati pa manambala okongola a m'kabuku ka wogulitsa, ndipo ndondomeko ili m'munsiyi yayalidwa motsatira ganizo limeneli.

Choyamba: lembani zonse zimene boyila idzawotche

Musalembe zimene mumafuna kuti iziwotcha, koma zimene idzawotchedi chaka chonse, kuphatikizapo zimene mudzathawireko zosonkhezera zabwino zikasowa. Pa mtundu uliwonse tumizani zoyesera ku labotale kuti ayeze chinyezi, kuchuluka kwa phulusa, ndiponso potaziyamu, kolorini, sulufule ndi silika.

Kusiyana kwake n'kwakukulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Mtengo wosenda bwino umasiya phulusa losafika 1 peresenti ya kulemera kwake ukauma, makungwa amasiya lochuluka kangapo kuposa pamenepo, mapesi a tirigu amasiya 4 mpaka 7 peresenti, pamene mankhusu a mpunga amafika 15 mpaka 20 peresenti, ndipo phulusa lake pafupifupi lonse ndi silika amene amapala zitsulo pamakona a mapaipi mpaka kuziboola. Zotsalira za nzimbe zimatuluka m'chigayo theka la kulemera kwake lili madzi, ndipo zimabwera ndi dothi ndi mchenga wa kumunda. Matabwa akale opaka penti kapena omwetsedwa mankhwala amabweretsa zinki ndi mtovu, ndipo m'maiko ambiri kuwawotcha kumaika boyila pansi pa malamulo a zinyalala, amene ndi okhwima kwambiri.

Chofunika kumvetsa apa n'chakuti mu utsi umodzi muli fumbi la mitundu iwiri yosiyana kochokera. Loyamba ndi lokhakhala: tizidutswa ta phulusa, mchenga ndi timakala tosapsa timene mpweya umanyamula kuchokera pamoto, ndipo tambiri timaposa 10 µm kukula kwake (µm imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita). Lachiwiri silinyamulidwa kuchokera pamoto ngati fumbi ayi. Potaziyamu, kolorini, sulufule ndi zinki zimasanduka nthunzi m'ng'anjo, ndipo utsi ukamazizira podutsa m'mapaipi a boyila zimaundana n'kukhala timichere tating'ono kwambiri, tosafika 1 µm. Fumbi lachiwirili ndi limene limalowa mkati mwenimweni mwa mapapo, ndi limene limadutsa zipangizo zotsika mtengo ngati palibe chotchinga, ndiponso ndi limene limachuluka mukamawotcha mapesi, udzu ndi makoko. Munthu amene wadziwa kuchuluka kwa potaziyamu ndi kolorini m'zosonkhezera zake wadziwa kale theka la yankho.

Chachiwiri: pezani malire a lamulo, ndipo muwawerenge pamodzi ndi okosijeni wake

Malire a fumbi amalembedwa m'mamiligalamu pa kiyubiki mita imodzi ya utsi wouma, wowerengedwa pa 0°C ndi pa puresha ya 101.3 kPa, ndipo chidule chake ndi mg/Nm³. Ku European Union, lamulo la 2015/2193 limayang'anira malo owotchera amene mphamvu ya moto wake ndi mamegawati (MW) 1 mpaka 50, ndipo kwa maboyila atsopano owotcha zomera limalola 50 mg/Nm³ pa 1 mpaka 5 MW, 30 mg/Nm³ pa oposa 5 mpaka 20 MW, ndi 20 mg/Nm³ pa oposa pamenepo. Malangizo a World Bank Group a mu 2007, amene mabanki ambiri obwereketsa ndalama za mafakitale amatsatira, amaika 50 mg/Nm³ pa maboyila a 3 mpaka 50 MW owotcha zolimba, ndipo amalola kufika 150 mg/Nm³ pokhapokha kafukufuku wa zachilengedwe atasonyeza kuti n'koyenera. Dziko lililonse lili ndi malire ake, choncho funsani ku bungwe lopereka chilolezo, ndipo mufunsenso ngati pali kusintha kumene kukuyembekezeka, poti sefa imakhala zaka zambiri kuposa lamulo limene inagulidwira.

Nambala ya malire payokha siitanthauza kanthu popanda kutchula okosijeni amene yawerengedwera. Malamulo awiri atchulidwawa amawerengera pa okosijeni wa 6 peresenti, pamene lamulo la ku Germany la ng'anjo zing'onozing'ono limawerengera pa 13 peresenti. Kusintha kwake n'kosavuta: chotsani okosijeni wa lamulo pa 21, chotsaninso okosijeni amene mwayeza pa 21, gawani yankho loyamba ndi lachiwiri, kenaka muchulukitse ndi fumbi limene mwayeza. Ngati mwapeza 40 mg/Nm³ mu utsi wokhala ndi okosijeni wa 11 peresenti, ndiye kuti pa 6 peresenti fumbilo ndi 40 kuchulukitsa ndi 15 kugawa ndi 10, kutanthauza 60 mg/Nm³, ndipo boyila imene inkaoneka ngati ili mkati mwa malire a 50 yawadumpha. Wogulitsa akakulonjezani nambala popanda kutchula okosijeni, muumirireni alembe.

Chachitatu: yezani utsi weniweniwo

Pa boyila imene ikugwira kale ntchito, itanani oyeza kuti atenge fumbi m'chumuni motsatira njira zovomerezeka, monga ISO 9096, EN 13284-1 kapena Method 5 ya bungwe la EPA loona zachilengedwe ku America. Njira zonsezi zimafuna kuti utsi uyamwidwe pa liwiro lofanana ndi limene ukuyendera m'chumunimo, chifukwa kuyamwa mofulumira kapena mochedwa kumasokoneza kuchuluka kwa fumbi lokhakhala m'zotsatira. Ayeze katatu: boyila ikugwira ntchito mokwanira, ikugwira mochepetsetsa, ndiponso ikuwotcha zosonkhezera zoipitsitsa za pamndandanda wanu. Pa kuyeza kulikonse alembe kuchuluka kwa utsi, kutentha, chinyezi, okosijeni, kaboni monokisaidi, kukula kwa tizidutswa ta fumbi ndi kuchuluka kwa kaboni wosapsa m'fumbilo.

Sefa imamangidwa molingana ndi utsi wotentha umene ukudutsamo, osati wowerengedwa pa 0°C. Utsi wa 10,000 Nm³ pa ola ukakhala pa 180°C umafufuma n'kufika pafupifupi 16,600 m³ pa ola, ndipo ngati fakitale ili pamtunda wa mamita 1,500 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, muwonjezerepo pafupifupi 20 peresenti chifukwa mpweya wa kumtunda ndi wopepuka. Zosonkhezera zonyowa zimawonjezera nthunzi, ndipo mpweya wolowera m'ming'alu ya mapaipi nawonso umadutsa m'sefa.

Chachinayi: konzani moto musanagule chilichonse

Utsi wakuda, kaboni monokisaidi wochuluka ndi phulusa lodzaza timakala ndi umboni wakuti moto sukupsereza. Sefa siithetsa vuto limeneli, imangolandira zotsatira zake: phula la mu utsi limamata nsalu, mwaye umadetsa zotchingira magetsi za m'sefa yamagetsi, ndipo timakala timayaka m'zotolera phulusa. Kugawa bwino mpweya wapansi ndi wapamwamba pa moto, kuthira zosonkhezera mosadukiza m'malo mozikhuthulira kamodzi, ndi kutseka ming'alu, zimachepetsa fumbi ndi kukula kwa sefa imene mudzafune.

Chachisanu: ikani cyclone patsogolo, koma musaiyembekezere zimene siingathe

Cyclone imazungulitsa utsi mothamanga kuti fumbi lolemera liponyedwe kukhoma n'kugwera pansi, ndipo multicyclone ndi timacyclone tambiri tating'ono toikidwa m'bokosi limodzi. Ilibe mbali yoyenda, siiopa kutentha, ndipo ndi yotsika mtengo. Imagwira bwino fumbi loposa 10 µm, imafooka kwambiri pansi pa 5 µm, ndipo timichere tija siitigwira n'komwe. Pa nkhuni zabwino multicyclone imasiya fumbi lofika 100 mpaka 150 mg/Nm³, choncho payokha siingakwanitse malire a 50, ngakhale wogulitsa atanena kuti imagwira 90 peresenti, poti peresenti imeneyo ndi ya kulemera, ndipo kulemera kwambiri kuli m'fumbi lokhakhala. Imafookanso boyila ikamagwira ntchito mochepa, chifukwa utsi woyenda pang'onopang'ono suzungulira mwamphamvu.

Ngakhale zili choncho, pafupifupi boyila iliyonse yowotcha zomera imafunika cyclone patsogolo pa sefa yeniyeni. Ntchito yake pamenepo ndi kuchotsa mchenga wopala zitsulo ndi kugwetsa timakala tamoto tisanafike pamene tingayambitse ngozi.

Chachisanu ndi chimodzi: sankhani sefa yeniyeni

Kwa ambiri mpikisano uli pakati pa zipangizo ziwiri, sefa yamagetsi yotchedwa ESP ndi sefa ya matumba ansalu.

ESP, imene Frederick Cottrell anayamba kuigwiritsa ntchito m'mafakitale cha m'ma 1907, imadutsitsa utsi pakati pa mawaya ndi zitsulo zaphanthiphanthi. Mawayawo amanyamula magetsi a mavoti masauzande makumi angapo, fumbi limatenga magetsiwo n'kukokedwera kuzitsulo, ndipo nyundo zimagogoda zitsulozo kuti fumbi ligwe. Ubwino wake ndi wakuti utsi umadutsa mosavuta, kusiyana kwa puresha polowa ndi potuluka kumakhala 100 mpaka 300 Pa basi (Pa ndi muyeso wa puresha), mulibe nsalu yoti ipse, ndipo imapirira kutentha koposa 300°C. Kufooka kwake kumaoneka m'masamu amene Walther Deutsch analemba mu 1922. Masamuwo amasonyeza kuti kuchoka pogwira 90 peresenti ya fumbi kufika pa 99 peresenti kumafuna kuwirikiza kawiri kukula kwa zitsulo, ndipo kufika pa 99.9 peresenti kumafuna kuwirikiza katatu. Amasonyezanso kuti ESP yomangidwa kuti izigwira 99 peresenti ikalandira utsi wochuluka ndi 25 peresenti, fumbi lothawa limakwera kuchoka pa 1 kufika pa 2.5 peresenti. Ndiye kuti tsiku la zosonkhezera zonyowa ndi tsiku limene ESP yomangidwa mothina imaphwanya lamulo.

Mtundu wa fumbi nawo umailamulira. Fumbi lokana magetsi kwambiri limaunjika magetsi pazitsulo mpaka kusokoneza kukoka, pamene timakala, timene timadutsitsa magetsi mosavuta, timataya magetsi tikangokhudza chitsulo n'kudumphiranso mu utsi. Tizidutswa ta pakati pa 0.1 ndi 1 µm ndi timene ESP imatigwira movutikira kwambiri, ndipo timichere ta mapesi tili m'gulu lomweli. Pa nkhuni, makungwa ndi utuchi wowotchedwa bwino m'boyila yaikulu yoyenda usana ndi usiku, ESP yokula mokwanira ndi chisankho chabwino kwambiri ndipo imafikira 20 mpaka 30 mg/Nm³ popanda vuto. Iyenera kukhala ndi chozimitsa magetsi chokha kaboni monokisaidi akakwera, chifukwa kuthetheka kwa magetsi mu mpweya wosapsa kukhoza kuphulitsa bokosi lonse.

Sefa ya matumba imadutsitsa utsi m'nsalu, ndipo chimene chimasefa kwenikweni ndi fumbi limene layalana kale pansaluyo. Mpweya wopanikizidwa umawombedwa m'matumba nthawi ndi nthawi kuti fumbi lochuluka liyoyoke. Sefa imeneyi siisamala za kukula kwa tizidutswa kapena kukana kwake magetsi, ndipo matumba akakhala abwino fumbi lotuluka limakhala pansi pa 10 mg/Nm³, nthawi zambiri pansi pa 5. Ilinso ndi mwayi wina umene ESP ilibe: mukhoza kuwaza laimu kapena sodiyamu baikaboneti mu utsi usanafike pamatumba, ndipo fumbi loyalanalo limagwira asidi wa kolorini ndi wa sulufule. Pa mapesi, udzu, makoko ndi matabwa akale, komanso paliponse pamene malire ali pa 10 mg/Nm³ kapena kucheperapo, maganizo anga ndi akuti matumba ndiwo oyenera kuyamba kuganiziridwa. Mtengo wake ndi wakuti fani imakoka movutikira, pa 1,000 mpaka 2,000 Pa, matumba amasinthidwa pakapita zaka zingapo, ndipo nsalu ili ndi adani awiri, moto ndi chinyezi.

Pamene utsi uli wotentha kwambiri kapena mbaliwali za moto zili zosapeweka, pali masefa a seramiki ndi a ulusi wachitsulo, amene sapsa ngakhale utsi utaposa 400°C. A seramiki amasweka msanga akagwedezeka ndipo ndi okwera mtengo. Scrubber, imene imatsuka utsi ndi madzi, ndi yofala m'mafakitale a shuga chifukwa utsi wa zotsalira za nzimbe ndi wachinyezi ndiponso wodzaza timakala toyaka, zinthu ziwiri zimene madzi saziopa. Koma kuti scrubber igwire fumbi losafika 1 µm imafuna fani yamphamvu kwambiri, ndipo fumbi limangochoka mu utsi n'kulowa m'madzi amene muyenera kuwayeretsa musanawataye. Pamene pali chipangizo chobweza kutentha mwa kusandutsa nthunzi ya mu utsi kukhala madzi, ESP yonyowa, imene zitsulo zake zimatsukidwa ndi madzi m'malo mogogodedwa, imamalizitsa bwino ntchito.

Chachisanu ndi chiwiri: ngati mwasankha matumba, sankhani nsalu ndi kukula kwake

Nsalu imasankhidwa poyang'ana zinthu zinayi pamodzi: kutentha, chinyezi, okosijeni ndi asidi. Poliyesitala imapirira pafupifupi 150°C mu mpweya wouma, koma mu utsi wotentha wachinyezi ulusi wake umafumbwa n'kuyoyoka, choncho siiyenera zosonkhezera zonyowa. Nsalu yotchedwa PPS imafika 190°C ndipo siiopa asidi kapena chinyezi, koma imadyedwa ndi okosijeni wochuluka, ndipo apa m'pamene ambiri amagwera, chifukwa maboyila ang'onoang'ono owotcha zomera amayenda ndi mpweya wochuluka, makamaka akamagwira ntchito mochepa. Aramid imafika 200°C koma imafooka pamene asidi ndi chinyezi zakumana. P84 imafika pafupifupi 240°C ndipo imagwira bwino fumbi losalala. PTFE ndi ulusi wagalasi zimafika pafupifupi 250 mpaka 260°C. PTFE imapirira pafupifupi mankhwala alionse koma ndi yokwera mtengo, pamene galasi limathyoka likapindidwapindidwa. Kachikopa kopyapyala ka PTFE komatidwa pamwamba pa nsalu ina kamathandiza kuti timichere tisalowerere mu ulusi.

Kukula kwa sefa kumawerengedwa ndi liwiro limene utsi umadutsira nsalu. Pa fumbi la zomera, mita imodzi pa mphindi ndi poyambira pabwino, ndipo pa fumbi lamichere yambiri ndi bwino kutsika pang'ono. Pa utsi uja wa 16,600 m³ pa ola, mita imodzi pa mphindi ikutanthauza nsalu ya pafupifupi masikweya mita 280. Wogulitsa amene akupereka nsalu yochepa pa utsi womwewo amaoneka wotsika mtengo pa tsiku logula, koma utsi wothamanga umakanikizira fumbi mkati mwa ulusi, matumba amawombedwa pafupipafupi, ndipo amatha msanga.

Chachisanu ndi chitatu: tetezani sefa ku chinyezi ndi ku moto

Utsi wa nkhuni zonyowa umayamba kuchita mame ukazizira kufika pafupifupi 55 mpaka 65°C, koma vuto limayamba kutali usanafike pamenepo. Asidi wa sulufule amachita mame pa kutentha kokwera kuposa madzi, ndipo michere ina ya kolorini, monga ya kashiyamu ndi zinki, imayamwa chinyezi cha mu utsi monga mmene mchere wosavundikira umanyowera m'nyengo yadzinja. Fumbi likanyowa limasanduka matope amene amauma n'kutseka nsalu kotheratu, ndipo zitsulo za bokosi, kaya la matumba kaya la ESP, zimachita dzimbiri kuyambira mkati. Opanga masefa ambiri amafuna kuti utsi usatsike pansi pa 120 mpaka 140°C, malinga ndi kuchuluka kwa kolorini ndi sulufule. Mwini boyila amene akufuna kupulumutsa zosonkhezera poziziritsa utsi kwambiri aike chipangizo chomaliza chobweza kutentha kumbuyo kwa sefa, osati kutsogolo kwake.

Zofunika pamenepa ndi izi. Bokosi lonse, zitseko zake ndi zotolera phulusa zikutidwe ndi zosunga kutentha popanda kusiya pena posakuta, chifukwa dzimbiri limayambira pamalo ozizira. Zotolera phulusa zikhale ndi zotenthetsera zamagetsi. Pakhale njira yolambalala imene utsi ungadutse poyatsa mpaka utatentha, ngati chilolezo chanu chikulola, ndipo chitseko cha njirayo chizitseka kotheratu, poti kudontha pang'ono kwa utsi wosasefedwa n'kokwanira kuwononga zotsatira za sefa yabwino. Kumene njira yolambalala n'njoletsedwa, sefa itenthetsedwe moto usanayatsidwe. Matumba atsopano awazidwe laimu asanalandire utsi woyamba. Boyila imene imazimitsidwa usiku uliwonse imadutsa m'nyengo yoopsayi kawiri pa tsiku, ndipo mfundo imeneyi yokha ikhoza kusintha chisankho chanu.

Pa nkhani ya moto, kuwonjezera pa cyclone ija, ikani zoyezera kutentha polowera utsi ndi m'zotolera phulusa, zolumikizidwa ku chitseko cholambalalitsa kapena ku chozimitsa. Phulusa lisasungidwe m'zotolera: lizituluka mosalekeza kudzera pa valavu yozungulira imene siilowetsa mpweya, chifukwa timakala tounjikana tikhoza kunyeka mwakachetechete kwa maola ambiri, ndipo mpweya ukangolowa timalilima.

Chachisanu ndi chinayi: yerekezerani ndalama za moyo wonse wa sefa, ndipo mulembe pangano lolimba

Mphamvu imene fani imafuna imapezeka pochulukitsa utsi wa pa sekondi ndi kusiyana kwa puresha. Utsi wa 16,600 m³ pa ola ndi 4.6 m³ pa sekondi. Pa 1,500 Pa, ndi fani yogwiritsa bwino 70 peresenti ya magetsi ake, pamafunika pafupifupi 10 kW, pamene pa 250 Pa pamafunika yosafika 2 kW, ngakhale kuti ESP imadyanso magetsi ake a mawaya ndi zotenthetsera. Onaninso ngati fani imene ilipo ingakwanitse, chifukwa kuika matumba pa boyila yakale nthawi zambiri kumafuna fani yatsopano. Werengerani mpweya wopanikizidwa, umene uyenera kukhala wouma ndi wopanda mafuta, matumba osinthira, malo amene chipangizo chidzatenge, ndi luso la okonza amene mungawapeze: ESP imafuna wodziwa magetsi amphamvu, pamene matumba amafuna woyang'anira watcheru tsiku lililonse.

M'pangano mulembedwe malire a fumbi pamodzi ndi okosijeni wake, mndandanda wa zosonkhezera ndi chinyezi chake chokwera kwambiri, kutentha kotsika ndi kokwera, kusiyana kwa puresha kololedwa, zaka zimene matumba akuyembekezeka kukhala, ndiponso kuti gawo lomaliza la malipiro lidzaperekedwa oyeza oima paokha atatsimikiza zotsatira boyila ikugwira mokwanira komanso mochepa. Pachumuni pakhale mabowo oyezera pamalo owongoka ndi poimapo potetezeka, ndiponso choyezera fumbi chosalekeza chimene chimasonyeza msanga thumba likabooka.

Konzeraninso kumene phulusa lidzapite. Phulusa losalala la m'sefa limasonkhanitsa kadimiyamu, zinki ndi mtovu wochuluka kuposa phulusa lapansi pa ng'anjo, choncho mitundu iwiriyi ikhale ndi njira ndi mosungira mosiyana kuyambira pa pulani, ndipo la m'sefa liyezedwe ku labotale musanaganize zolithira m'munda kapena kulisakaniza ndi zomangira.